Mbiri ya Mpingo wa ku Mbombwe: Nyumba Inagwa, Mpingo Unatsala

Abale a m'mipingo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, m'masamba ano muzolowera kupeza mau olalikidwa tsiku la Mulungu. Koma mwezi uno tifuna kukufotokozerani mbiri ya mpingo umodzi wa pamudzi, ndiwo mpingo wa Abaptisti wa ku Mbombwe, m'dziko la Chiradzulu, umene anthu autcha Providence Industrial Mission, kapena mwachidule P.I.M. Ambiri adziwa dzina la mbusa wake woyamba, John Chilembwe, chifukwa cha nkhondo ya chaka cha 1915. Koma owerengeka okha adziwa umo mpingowo unayambira, ndi umo unaukiranso nyumba yake itapasulidwa. Ndipo tiyesa kuti mbiri iyi iri ndi mau kwa mpingo uli wonse waung'ono umene udzifunsa mumtima, Kodi mphamvu yathu iri kuti, ife osowa njerwa ndi ndalama?

Abaptisti ndiwo ayani?

Poyamba tidziwe Abaptisti ndiwo anthu otani. Mpingo wao woyamba unasonkhana m'chaka cha 1609 m'mzinda wa Amsterdam, kumene Angerezi ena anathawira popeza kwao analetsedwa kupembedza monga mwa chikumbumtima chao. Atsogoleri ao anali John Smyth ndi Thomas Helwys. M'chaka cha 1612 Helwys anabwerera ku England, nayambitsa mpingo waung'ono ku London. Iye analembera mfumu James kuti mfumu iri ndi ulamuliro pa zinthu za dziko, koma iribe ulamuliro pa chipembedzo cha munthu; ndipo chifukwa cha mau amenewa anaikidwa m'ndende, nafera komweko.

Makhalidwe awiri asiyanitsa Abaptisti ndi mipingo yina. Loyamba ndi ili: sabatiza makanda, koma munthu yekhayo amene wabvomereza chikhulupiriro ndi pakamwa pake; ndipo ubatizo wao, monga anauzolowera pambuyo pake, ndiwo wa kumiza thupi lonse m'madzi. Lachiwiri ndi ili: mpingo uli wonse wa pamudzi udzilamulira wokha, usankha mbusa ndi atumiki ake, usonkha ndalama zake, wopanda bishopu pamwamba pake. Sungani khalidwe lachiwirili mumtima, pakuti tidzabwerako.

Chiphunzitso ichi chinaoloka nyanja kunka ku America, ndipo kumeneko akapolo ambiri a khungu lakuda anachilandira, popeza munthu wosauka akhoza kusonkhana ndi anzake pansi pa mtengo, ndi kukhala mpingo weniweni. Ukapolo unathetsedwa m'dziko lija m'chaka cha 1865. Ndipo zitapita zaka 30, m'chaka cha 1895, mipingo ya anthu akuda inapangana ku Atlanta kukhala chigwirizano chimodzi chotchedwa National Baptist Convention. Anthu amenewa, ena omasulidwa mu ukapolo, ena ana a akapolo, sanaiwale dziko la makolo ao. Ndalama zimene zinathandiza kumanga Mbombwe zinachokera m'manja mwao.

Chiyambi cha nchito

M'chaka cha 1892 kunafika ku Blantyre Mngerezi wina dzina lake Joseph Booth, Mbaptisti, wochokera ku Australia pamodzi ndi mwana wake wamkazi Emily. Iye anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Mnyamata wina wa ku Chiradzulu, wobadwa ngati m'chaka cha 1871, anadza kwa iye kudzafuna nchito ya m'nyumba. Ndiye John Chilembwe. Anatumikira mokhulupirika, nasamalira mwana uja podwala iye, nabatizidwa ndi Booth pa 17 Julayi 1893.

M'chaka cha 1897 Booth anamuka naye ku America. Kumeneko Abaptisti akuda anamlandira, namlipirira sukulu ya ubusa ku Lynchburg, m'dziko la Virginia. M'chaka cha 1900 anabwerera kwao ali mbusa wodzozedwa, nagula malo a maekala 93 ku Mbombwe. Taonani chinthu chachilendo masiku amenewo: mishoni yoyendetsedwa ndi mwana wa dziko lino, pa malo ogulidwa, yopanda Mzungu woilamulira.

Chiyambi chinali chaching'ono ndithu. Nyumba zoyamba zinali za mitengo ndi udzu, monga za m'mudzi uli wonse, ndi ophunzira anali owerengeka. M'chaka cha 1901 Abaptisti a ku America anatumiza mbusa Landon Cheek, ndipo m'chaka cha 1902 anatumiza mai Emma DeLany, onse awiri anthu akuda. Mai DeLany anaphunzitsa akazi ndi asungwana kusoka ndi kusamala nyumba, ndipo mai Ida, mkazi wa Chilembwe, anagwira nchito yomweyo pamodzi naye. Amuna analima khofi ndi thonje, naphunzira kuumba njerwa. Ndilo tanthauzo la mau aja a Industrial m'dzina la mishoni: kuti Mkristu aphunzire buku ndi nchito ya manja pamodzi, kuti adzidyetse yekha, asakhale wopemphapempha.

Pakati pa ana oyamba a sukuluyo panali mnyamata wamng'ono dzina lake Daniel Malekebu, amene anabatizidwa ndi Chilembwe, nathandiza mai DeLany nchito za pakhomo. Palibe anamuyesa kanthu masiku amenewo. Koma musamuiwale, pakuti mbiri yonse idzatembenukira pa iye.

Pofika chaka cha 1906 Cheek ndi mai DeLany anali atabwerera kwao, ndipo Chilembwe anatsala yekha ndi anthu ake. Koma nchito siinaime. Pofika chaka cha 1912 panali masukulu 7 m'midzi yozungulira, ndi ana oyandikira 1,000. Ndipo anthu anaumba njerwa, nazitentha, namanga nyumba yaikulu yopemphereramo yokhala ndi nsanja, imene inatsirizika m'chaka cha 1913. Mutu umodzi susenza denga. Nyumba imeneyo inali thukuta la anthu ambiri, ndipo anakondwera nayo kwakukulu, popeza inaonetsa kuti munthu wakuda akhoza kumanga chinthu chokhalitsa.

Masautso a anthu a mpingo

Tsono tiyenera kufotokoza masautso amene anazinga mpingowo, pakuti wosawadziwa sangamvetse zimene zinatsata. Akristu ambiri a ku Mbombwe anali Alomwe, amene anathawa nkhanza ndi njala m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, nakhala pa minda ya Azungu. Pafupi ndi Mbombwe panali munda waukulu wa A. L. Bruce Estates ku Magomero, ndipo woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Musamsokoneze ndi David Livingstone wa maulendo uja, amene anamwalira kale m'chaka cha 1873.

Pa minda yotere panali lamulo la thangata. Kale mau awa anali okoma, otanthauza kuthandizana kwa anansi pa nchito ya kumunda. Koma pa minda ya Azungu anasanduka goli: munthu anayenera kugwira nchito mwezi umodzi kulipira malo okhalapo, ndi mwezi wina kulipira msonkho, ndipo kawirikawiri miyeziyo inatalikitsidwa, nigwera nyengo ya dzinja pamene munthu afunika m'munda mwake. Anthu anakwapulidwa. Ndiponso eni munda sanalole sukulu kapena nyumba ya mapemphero pa malo ao. Tsono nyumba za udzu zimene Akristu a P.I.M. anamanga kumeneko zinatenthedwa. M'zaka za 1912 ndi 1913 kunagwanso njala, ndi msonkho wa nyumba unakwezedwa. Mbusa mwini anali wodwala mphumu, maso ake analinkufooka, ndi ngongole zinamlemera.

Pamwamba pa izi zonse panadza nkhondo yaikulu ya Azungu m'chaka cha 1914. M'mwezi wa Sepitembala asilikari akuda anafa pa nkhondo ya ku Karonga, pomenyana Angerezi ndi Ajeremani. M'mwezi wa Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chake anthu osauka a dziko lino ayenera kufera mlandu wosakhala wao, ndi kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamala. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe.

Masiku a Januwale 1915

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anauka ndi mikondo. Ku Magomero anapha Livingstone, namdula mutu. Anaphanso Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, ndipo anthu akuda ena anafanso m'masiku omwewo. Akazi ndi ana a Azungu sanawapweteke, pakuti anawalamulira chotero. Gulu lina linamuka ku Mandala, ku Blantyre, kukatenga mfuti, koma linabwera ndi zowerengeka zokha. M'mawa mwake, tsiku la Mulungu, mbusa analalikira m'nyumba yaikulu ija, mutu wa Livingstone uli pa mtengo pamaso pa anthu. Pa 26 Januwale ena anatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi, nalasa wansembe.

Mafumu ndi midzi yambiri sanauke nao, ndipo nkhondoyo inatha m'masiku owerengeka. Asilikari a Boma analowa m'Mbombwe, naphulitsa nyumba ya njerwa ija ndi onga waukali, itangokhala zaka ziwiri zokha. Pa 3 Febuluwale 1915 Chilembwe anaomberedwa ndi mfuti m'dziko la Mulanje, alinkuthawira ku malire. Anthu oposa 30 anaweruzidwa kuti aphedwe, naphedwa. Ena ngati 300 anaikidwa m'ndende. Ena anathawira ku dziko la Apwitikizi. Masukulu anatsekedwa, ndi mishoni inaletsedwa. Mai Ida anamwalira m'chaka cha 1918, pa mliri wa chimfine chachikulu.

Abale, sitibisa kanthu pa zinthu izi. Madandaulo a anthu aja anali oona; ndipo akuluakulu amene Boma linawaika kufufuza mlanduwo anabvomereza m'chaka cha 1916 kuti machitidwe a pa munda wa Magomero anali oipa. Dziko la Malawi likumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka ndi chaka, monga munthu amene anakana kukhala chete pozunzidwa anthu ake, ndipo nkhope yake inayamba kuoneka pa ndalama za pepala m'chaka cha 1997. Koma nkoonanso kuti mwazi unakhetsedwa, ndi kuti mutu wa munthu unalowa m'nyumba ya mapemphero. Ndipo Mkristu wokumbukira umo Ambuye anabwezera lupanga la Petro m'chimake usiku uja m'munda sangawerenge izi wopanda kulemedwa mumtima. Zonse ziwirizi tizisenze pamodzi. Wotaya chimodzi mwa izo wanena theka la mbiri.

Zaka 11 zopanda nyumba

Tsono lingalirani za Mkristu wa ku Mbombwe m'chaka cha 1916. Mbusa wake waphedwa. Akulu a mpingo ena aphedwa, ena ali m'unyolo. Pamene panali nsanja pali mulu wa njerwa zosweka, ndi udzu uyamba kumera pamenepo. Kungotchula dzina la mpingo wake ndiko kudziitanira mlandu. Munthu ali yense wanzeru akadati, Zatha.

Koma sizinathe. Ena anabalalika ndithu, ena analowa mipingo yina. Koma panatsala anthu amene anasunga chikhulupiriro chao mwakachetechete. Apa ndipo tibwerera ku khalidwe lija tinati mulisunge. Anthu awa anaphunzitsidwa kuti mpingo ndiwo okhulupirira osonkhana, ngakhale ali owerengeka, ndi kuti sayenera kudikira wamkulu wochokera kutali kuti apemphere. Ndiponso sukulu zija zinawasiyira chuma chimene onga sukhoza kuchiphulitsa, ndicho kudziwa kuwerenga. Munthu wodziwa kuwerenga akhoza kutsegula buku m'nyumba mwake usiku, chitseko chiri chotseka. Ndipo ukali wa Boma utayamba kuzirala, ndi andende ena atamasulidwa, otsalawo anapempha kuti mishoni yao itsegulidwenso.

Koma adzawatsogolera ndani? Pamenepo tikumbukire mnyamata uja wa pakhomo pa mai DeLany.

Madzi saiwala khwawa

Mai DeLany atachoka, Daniel Malekebu anatsimikiza mtima kuwatsata kuti akaphunzire. Anayenda pansi ulendo wautali kufikira ku doko la Beira, nakwera chombo, nafika ku America m'chaka cha 1907. Kumeneko anaphunzira zaka zambiri, za Mau a Mulungu ndi za mankhwala, kufikira m'chaka cha 1917 anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College, ku Nashville. Iye ndiye mwana woyamba wa dziko lino kukhala dotolo wophunzira mankhwala a Chizungu kufikira kumapeto. Chotero masiku oopsa a 1915 anampeza ali kutsidya kwa nyanja, ndipo dzanja lake linalibe mlandu pamaso pa Boma. M'chaka cha 1919 anakwatira Flora Zeto, mkazi wobadwira ku Congo, wophunzira pa Spelman ku Atlanta.

Dotolo wotere akadakhoza kukhala ku America ndi kudya bwino masiku ake onse. Koma madzi saiwala khwawa. M'chaka cha 1921 iye ndi mkazi wake anayesa kubwerera kwao, koma Boma la Nyasaland linawabweza, popeza linaopabe munthu ali yense wa ku Mbombwe wophunzira ku America. Sanakwiye ndi kutaya mtima, koma anamuka ku Liberia, naphunzitsa pa sukulu ya Ricks Institute, alinkudikira. Ndipo m'chaka cha 1926, zitapita zaka 11 chipasulidwire nyumba ija, analoledwa kulowa, natsegulanso Providence Industrial Mission, mothandizidwa ndi Abaptisti omwe aja a National Baptist Convention.

Sanapeze chipululu. Anapeza anthu akumdikira. Ndipo ndi iwo anatsegulanso sukulu, nachiritsa odwala, naumbanso njerwa. Pafupi ndi mabwinja a nyumba yakale anamanga nyumba yatsopano yaikulu, yotchedwa New Jerusalem, imene inatsirizika m'chaka cha 1933. M'buku la Ezara timva kuti ana a Israyeli atabwera ku ukapolo wa ku Babulo, naika maziko a kachisi wachiwiri, achinyamata anakondwa mopfuula, koma okalamba amene anaona kachisi woyamba analira misozi. Tiyesa kuti mitima ya okalamba a ku Mbombwe inadziwa kusakanizika kotere, pokumbukira anzao amene anaumba nao njerwa zoyamba.

Malekebu anayenda mosamala pamaso pa Boma, nalimbika pa ulaliki, sukulu ndi mankhwala. Anthu a mpingo opita kukagwira nchito kutali ananyamula chipembedzo chao kunka nacho; ndipo m'chaka cha 1945 mipingo yobadwa ku Mbombwe, ya m'dziko lino ndi ya m'maiko oyandikana nalo, inagwirizana pansi pa dzina la National Baptist Assembly of Africa. Dotoloyo anamwalira m'chaka cha 1978, ali nkhalamba, ataona dziko lake litalandira ufulu m'chaka cha 1964.

Chimene mbiri iyi itiphunzitsa

Tsono tifunse: pa zonse zimene zinamangidwa ku Mbombwe m'zaka 15 zoyamba, nchiyani chinakhalitsa? Nyumba ya njerwa inatenga zaka kuimanga, nigwa tsiku limodzi. Minda ya khofi inasanduka tchire. Koma mnyamata mmodzi wophunzitsidwa m'sukulu ya udzu, ndi anthu wamba ozolowera kupemphera okha, awa ndiwo anaukitsa nchito. Mtengo ukadulidwa, mizu ikhale yamoyo, chitsa chiphukanso ndi mvula yoyamba.

Sitinena kuti kumanga nyumba ya Mulungu nkopanda pake. Anthu a ku Mbombwe anamanga kawiri, ndipo anachita bwino. Koma mpingo umene uika mtima wake wonse pa njerwa ndi malata, nuleka kuphunzitsa ana ndi kuchezera odwala, wamanga nkhokwe yokongola yopanda chimanga m'kati. Nyumba ikhoza kugwa ndi onga, kapena mphepo, kapena chiswe. Chimene chalowa mumtima mwa munthu chiyenda naye kuli konse.

Ndiponso mbiri iyi ichenjeza onse okhala ndi mphamvu, a m'Boma, eni minda, ngakhale akulu a mipingo, kuti kulira kwa osauka kusatsekerezedwe. Kalata ija ya mu Novembala 1914 inaletsedwa, ndipo itapita miyezi iwiri mikondo inalankhula. Mpingo uli ndi udindo wa kunena zoona pa zosalungama msanga, poyera, ndi mwa mtendere, zinthu zisanafike poti abale aphane.

Kwa inu aphunzitsi tinena mau otsiriza. Kapena sukulu yanu idontha mvula, ndi ana alemba pa mchenga posowa masileti. Kapena malipiro achedwa, ndipo mufunsa ngati nchito yanu iri ndi phindu. Kumbukirani kuti mai DeLany anakhala ku Mbombwe zaka zowerengeka zokha, ndipo anamwalira m'chaka cha 1922, mishoni iri chitsekedwere. Sanaone ndi maso ake chimene mnyamata wa pakhomo pake anadzachita. M'mera mpoyamba. Mawa m'mawa, poliza belu, yang'anani bwino ana okhala pansi pamaso panu, makamaka iye wa nsaru yong'ambika wokhala kumbuyo. Simudziwa ndani mwa iwo adzamanganso pamene ife tidzasiya mabwinja.

Ndi inu a m'mipingo yaing'ono, okhala khumi kapena makumi awiri pansi pa tsindwi la udzu, musadzipeputse. Phunzitsani mwana ali yense kuwerenga. Zoloweretsani amuna ndi akazi kutsogolera pemphero, kuti tsiku losowa mbusa mapemphero asaleke. Mulungu atithandize ife tonse kumanga chimene moto sungachitenthe.